Njati Yayamba Kubereka Oyilo

Galimoto ija banja lonse linkaitchula kuti Njati, ndipo dzinalo linkaiyenera. Inali ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo inabwera pakhomopo mkazi wa Makaniko asanamere mano. Utoto unasuluka kalekale, mipando inkaluma ndi mawaya, chitseko cha mbali ya wokwera chinkatseguka ndi kunja kokha. Koma msewu wa kuphiri, womwe magalimoto onyezimira ankangousuzumira n'kubwerera, Njati inkaukwera ikubuula mpaka pamwamba. Mwini wake anali apongozi a Makaniko, mkulu woweta njuchi, ndipo ming'oma yawo inali kuphiri komweko.

Apongoziwo sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali limodzi: akanena chinthu, kwa iwo nkhani yatha, otsalanu muzingovomera. Makaniko naye sanali nkhosa. Madalaivala a malole ankamudziwa kuti pakamwa pake n'pakuthwa, woti ukamubweretsera injini yozunzidwa amayamba wakusambitsa chokweza asanagwire sipanala. Koma kagalaja kake ka malata kanali kuseri kwa nyumba ya apongozi, pamalo omwe iwo anamupatsa, ndipo mkazi wake anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Akaima pamaso pawo lilime linkalemera, mawu onse n'kusanduka "chabwino, bambo".

Chaka chimenecho Njati inayamba kudwala. Kuti ilire m'mawa inali nkhondo, ndipo ikalira inkatsokomola utsi wakuda woti anansi ankathamangira kukaanula zovala. Makaniko anamasula mainjekita onse anayi, tizitsulo totalika ngati chala tomwe timapopera dizilo m'kati mwa injini, n'kumangirira imodzi imodzi pa pampu yake yoyesera. Pampuyo ndi yamanja. Umakanikiza chogwirira, singano ya geji n'kumakwera, ndipo ikafika pa mlingo wake injekita yabwino imatulutsa nkhungu yosalala ikulira kuti trrr, kenako n'kuuma kukamwa. Yotha imangokodza, kapena kumadontha. A Njati onse anayi ankakodza.

Kogula zitsulo za Njati apongozi sankatuma munthu. Anavala jekete n'kunena kuti, "Tiyeni, akamwini."

Wogulitsa masipeya anali mnzawo wa apongozi kuyambira paunyamata, ndipo aliyense ankamutcha Zilipo, chifukwa mawu akuti "palibe" sanatulukepo m'kamwa mwake. Sitolo yake inali kanjira kopapatiza pakati pa mashelefu, konunkha girisi ndi labala. Atamva chomwe abwerera anasowa kumbuyo, n'kubwera ndi mitundu iwiri. Ena anali okulungidwa m'sanza yamafuta, otuwa, akale koma okonzedwanso. Ena anali m'bokosi la buluu la zilembo zagolide, iliyonse m'kapepala kake, akunyezimira ngati masupuni a alendo.

Makaniko anatulutsa injekita yakale m'thumba la ovolosi, n'kupukuta ndi chala pomwe panadindidwa nambala. Ya a m'sanza inafanana nayo mpaka kumapeto. Ya a m'bokosi inayamba chimodzimodzi, koma inakathera kwina.

"Ake enieni ndi awa, bambo," anatero, akuloza a m'sanza.

Apongozi anawayang'ana monga munthu amayang'anira nsomba ya dzana. "Ndichotse zakale ndiikemo zakale? Akamwini, munaonapo munthu akuvula nsapato zong'ambika n'kuvala zazigamba, zatsopano zili pomwepo?"

"Anawakonza bwino. Kunsonga kwake n'kwatsopano."

"Nanga awa ali ndi vuto lanji?"

Zilipo sanadikire kuti funsolo limupeze. "Awa ndi a mng'ono wake wa Njati, injini yomwe inatuluka pambuyo pake. Amalowa bwinobwino, malo ake ndi omwewo. Kungoti amapopa mowolowa manja. Phiri lanu lija muzilikwera ngati mukutsika."

"Mwamva? Amalowa kapena salowa, akamwini?"

"Kulowa amalowa, bambo, koma..."

"Ndiye basi. Kulungani amenewo."

"Koma" uja anatsala pa kauntala pomwepo, palibe anamutola. Chomwe chinali kumbuyo kwake Makaniko ankachidziwa, ndipo anali atachionapo ndi maso ake. Injekita ikamapopa mopyola muyeso, kapena ikamadontha, dizilo wosapsa amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kukagwera mu oyilo pansi pa injini. Oyiloyo amasungunuka n'kumachuluka. Tsiku lina amakwera mpaka kulowa m'payipi ya mpweya, injini n'kuyamba kumwa oyilo wake womwe. Zikafika pamenepo kiyi alibenso ntchito. Injini imathamanga yokha, kukwera, kukwera, mpaka itaphulika kapena wina ataitseka mpweya. Makaniko akuphunzira ntchito, thalakitala ina inachita zimenezo m'galaja ya bwana wake. Bwanayo anathamangira kutseka payipi ndi chikhatho, mphamvu ya mpweya n'kumukokera dzanja m'kati. Injiniyo sinazime. Inaphulika, chitsulo china n'kutulukira kudenga la malata, ndipo dzanja la bwanayo silinagwirenso sipanala.

Koma zoterezi sizichitika chaka ndi chaka, anadziuza choncho pobwerera. Akafika kunyumba awayesa onse anayi pa pampu, ndipo yodontha akaibweza mwakachetechete.

Anayesa imodzi. Nkhungu inatuluka yambiri kuposa momwe akanafunira, koma kukamwa kunauma. Akumangirira yachiwiri anamva mpweya wa munthu pakhosi pake.

"Chatsopano amayesa, akamwini? Kapena mnzanga uja mukumuyesa wakuba?"

"Ayi, bambo."

"Dzuwa likupita. Mawa ndili ndi ulendo wa kuphiri."

Akuluakulu amati manyazi anapha lambe, ndipo sananame. Makaniko anamasula yachiwiri ija osaiyesa, n'kumanga onse anayi mu injini. Kungokhudza kiyi, Njati inalira nthawi yomweyo, mawu ake okhuthala ngati kale. Apongozi anamenya boneti ndi chikhatho, akuseka mpaka mano akumbuyo kuoneka. "Mwaona? Mukanandiveka zigamba." Makaniko naye anaseka, poti kukhala duu mkulu akuseka n'kudzikweza.

Bokosi la buluu lija analitenga ndi Kanati, mwana wamkazi wa Makaniko, yemwe anali atangoyamba kumene sukulu. Dzinalo anamupatsa ndi agogo akewo, chifukwa chiyambire kukwawa ankatola manati pansi m'galaja n'kumawabisa m'masaya. Tsopano manati ake anapeza nyumba. Ankayenda nalo bokosilo kulikonse likuchita wayawaya, ndipo pogona linkakhala pansi pa pilo.

Milungu inadutsa. Njati inkakokadi, zimenezo palibe akanatsutsa. Makaniko yekha ndi amene ankamva kagogodo kakang'ono pansi pa mawu ake, ndipo ankaona kautsi koyererako kotsalira pabwalo ikachoka. Ankafuna kusolola kachitsulo koyezera oyilo kuti aone, koma ntchito imeneyo inali ya apongozi okha, ya m'mawa uliwonse ngati kusamba kumaso, ndi kansalu kawo komwe kankakhala m'thumba la jekete. Kukatsegula boneti iwo osakupempha kunali ngati kukavundukula mphika kukhitchini kwa eni. Ankati aona tsiku lomwe iwo achokepo, koma komwe apongozi apita n'komwe Njati yapita. Ntchito nazo zinachuluka. Mantha akakhala nthawi yaitali osaona kanthu amayamba kusinza, ndipo ake anasinza.

Loweruka lina m'mawa Makaniko ali chagada pansi pa minibasi ya kasitomala anamva Njati ikutuluka pageti, ndi kamawu ka Kanati kakuti, "Tsalani, ababa, ndikukaona njuchi." Anayankha ali pansi pomwepo kuti ayende bwino. Patapita kanthawi mkazi wake anabwera ndi kapu ya tiyi kudzanja lina, kwinaku atanyamula chigubu cha oyilo chomwe chinkakhala kumbuyo kwa mpando wa Njati zaka zonsezi.

"Abambo akuti mutenge ichi muzigwiritsa ntchito. Iwo sakuchifunanso."

"Chifukwa?"

"Akuti Njati yasiya kumwa oyilo. Chimangireni zitsulo zanu zija sanathiremo ngakhale dontho. Lero ndiye amachita kuseka okha pabwalopo. Akuti yayamba kubereka, oyilo wapitirira mzere ndi chala chathunthu. Akuti nkhalamba yatenga pathupi."

Mkaziyo anaseka. Makaniko anatuluka pansi pa minibasi osalandira tiyi, n'kupita pomwe Njati inkagona. Pa simenti panali kadontho katsopano, monga masiku onse. Anakakhudza ndi chala. Oyilo wa injini yakale amakhala wolemera, womata. Uyu anayenderera pachala ngati madzi. Ananunkhiza, ngakhale mphuno inali itamva kale. Anali dizilo.

Anachita mantha, mantha enieni, oposa aja a tsiku la thalakitala, chifukwa tsiku limene lija iye anali ndi kothawira ndipo m'thalakitala munalibe mwana wa munthu.

"Kanati ali kuti?" anafunsa, ngakhale ankadziwa.

"Si mwatsanzikana naye nokha? Bambo a Kanati, mwatani?"

Foni ya apongozi inaitana nthawi yaitali. Atayankha, kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka Njati ikubuula ndi Kanati akuimba kanyimbo ka kusukulu.

"Bambo, mwafika pati?"

"Tayamba kukwera. Mukuimva mmene ikukokera?"

"Ndikuimva. Ndimati mwina, ngati n'kotheka, mukanaima kaye pambali ndidzaone oyilo."

"Oyilo ali mbwee, akamwini, mpaka takugawirani. Nanga simunalandire?"

Anaseka, kusekako n'kuduka pakati. Kuseri kwa phiri foni sigwira. Makaniko anayang'ana foni ija m'manja mwake n'kuzindikira kuti wachitanso zomwezija. Mwana wake ali pampando wa chitseko chosatseguka, iye n'kumati mwina, ngati n'kotheka.

Anamufotokozera mkazi wake m'mawu ochepa. Mkaziyo anaika kapu pansi mosamala kwambiri, ngati kapuyo ndiye nkhani.

"Munkadziwa?"

"Ndinkakayikira."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku logula."

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Mwana wanga mukabwere naye," ndipo mawu akuti wangawo Makaniko anawamva bwino lomwe.

Pakona ya galaja panali njinga yamoto ya kasitomala wina yodikira mwini wake. Makaniko anatenga mpeni wodulira labala, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chinthu chafulati, cholimba, chosapindika. M'galaja modzaza zitsulo munalibe. Anathamangira kukhitchini n'kutenga thabwa lodulirapo ndiwo, anyezi wodulidwa n'kumwazika pansi, n'kulilowetsa pachifuwa m'kati mwa ovolosi.

Tauni inatha, phula linatha, msewu unayamba kukwera. Kudzanja lamanja kunali khoma la miyala, kumanzere chigwembe chomwe pansi pake mitengo ikuluikulu inkaoneka ngati udzu. Pakona iliyonse ankachepetsa moto n'kutchera khutu. Ankadziwa mawu omwe ankawaopa, kulira kopyapyala kokwera kosalekeza, ndipo kangapo anawamva m'mutu mwake mokha. Pakona iliyonse ankayang'ananso pansi m'chigwembe, osafuna kuyang'ana koma maso akupita okha, kufunafuna utsi woyera kapena denga lotuwa pakati pa mitengo. Pafumbi panali mapazi a matayala a Njati, ndipo malinga mapaziwo ankapitirira kutsogolo, iye ankapuma. Anapemphera mapemphero osalongosoka, a munthu amene akudziwa kuti mlandu ndi wake. Thabwa linkamugunda pachifuwa pabampu iliyonse, likununkha anyezi.

Pakona yomaliza msewu umazungulira mutu wa chigwembe, moti malo a ming'oma umawaona kutsidya usanafike. Njati inali pamenepo, chete, itaima pamtsetse mphuno yake italoza kuphompho, mwala uli kutsogolo kwa tayala. Magalasi anali otseka chifukwa cha njuchi, ndipo m'katimo munkaoneka kamutu ka Kanati. Makaniko anamva misozi ikubwera. Afika bwino. Injini yazima.

Kenako anaona apongozi, atavala chipewa chawo cha neti, akuchokera ku ming'oma. Anasuzumira pagalasi, n'kuyang'ana dzuwa, n'kuyang'ana mthunzi wa mtengo womwe unali chapambali pang'ono. Mwana watenthedwa, agogo akufuna kumusunthira pamthunzi. Anawerama n'kuchotsa mwala uja.

Makaniko anakuwa. Analiza hutala ya njinga, yomwe inangolira ngati mwanapiye. Apongozi anatembenuka, n'kumuzindikira, n'kumubayibitsa mosangalala. Kenako analowa m'galimoto.

Njati inalira bwinobwino, monga m'mawa uliwonse. Mpweya umodzi, iwiri. Koma inali itaweramira kutsogolo, oyilo yense wosungunuka uja atakhamukira kumphuno. Mawu ake anayamba kukwera ngati wina waponda moto. Anakweranso. Anapitirira pomwe injini ya dizilo imalekezera, n'kusanduka kulira komwe Makaniko anakumva kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo kumbuyo kunatuluka utsi woyera wochindikala womwe unameza mitengo.

Sanadziwe kuti njinga anaisiya bwanji. Anangopezeka akuthamanga, mapazi akuterereka pamiyala. Njuchi zinali zitadzuka m'ming'oma yonse. Njati inkanjenjemera thupi lonse, malata ake akulira, ndipo ngakhale handibuleki inali yokoka, matayala ankasuntha pang'onopang'ono kulowera kuphompho. Pagalasi anaona apongozi atanyamula kiyi m'mwamba, atamuzula kale, akumuyang'ana ngati kiyiyo awauza chochita. Kenako dzanja lawo linapita pa giya. Ankafuna kuitsamwitsa ndi giya, monga amachitira madalaivala akale. Koma kilatchi ndi mabuleki a Njati Makaniko ankawadziwa. Ikanadumpha.

Anatsegula chitseko chawo n'kumenya dzanjalo ndi chibakera, dzanja la apongozi ake.

"Siyani giya! Pondani buleki. Pondani, musachotse phazi ngakhale zitavuta bwanji."

Anazungulira kutsogolo, pakati pa mphuno ya Njati ndi phompho, pomwe panatsala malo ongokwana munthu mmodzi. Injini inali pomwepo kuseri kwa lata, itatsala pang'ono kumwaza zitsulo zake, ndipo nzeru za ntchito zinkamuuza kuti ayambe ndi iyo. Miyendo sinamvere. Inamupititsa ku chitseko cha Kanati. Mwanayo anali akukoka chogwirira cha m'kati chomwe sichinagwirepo ntchito chibadwire iye, kukamwa kuli yasa, kulira kwake kosamveka m'phokosomo. Makaniko anatsegula, n'kumunyamula ndi dzanja limodzi, n'kuthamanga naye kuseri kwa chimwala chomwe chinali chakumtunda. Anamukhazika pansi, n'kumugwiritsa makutu ndi manja ake omwe.

Kubwerera kunali kovuta kuposa kubwera. Thupi lonse linkakana. Analowa mu utsi muja akuona dzanja la bwana wake wakale m'maso. Anamasula ngowe ziwiri za boneti n'kuikankhira m'mwamba, kutentha n'kumumenya kumaso. Fani inkazungulira mosaoneka, malamba akulira, injini ikudumpha pamipando yake ngati ikufuna kutuluka. Anapeza payipi yalabala ya mpweya n'kuicheka ndi mpeni pafupi ndi kamwa lachitsulo, n'kuikokera pambali. Mpweya unamukoka mkono wa ovolosi. Anasolola thabwa pachifuwa, n'kuligwira m'mphepete mwenimweni, zala zili kutali, n'kulisendeza.

Sanachite kuliika. Injini inalilanda m'manja mwake, phaa, n'kulimata pakamwa pake. Kulira kuja kunatsamwa. Njati inagwedezeka, inayesa kukoka mpweya m'mbali mwa thabwa ikuchita mluzu, Makaniko n'kulikanikiza ndi manja onse awiri ndi chifuwa chomwe. Inagunda kamodzi mwamphamvu pansi penipeni, inagundanso mofooka, n'kusiya.

Kunatsala kulira kwa njuchi ndi kuthetheka kwa chitsulo chotentha. Makaniko anakhalabe atakanikiza thabwa nthawi yaitali injini itazima kale. Kenako anatola mwala uja n'kuubwezera kutsogolo kwa tayala. Kuchokera pa tayalalo kufika pomwe nthaka inathera panali potalika ngati mkono wake. Njuchi zinali zitamuluma m'khosi ndi m'manja, koma ululu wake unali usanafike.

"Chotsani phazi, bambo. Yazima."

Apongozi anali atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, mwendo uli chiwongokere pa buleki. "Ukukana," anatero ndi mawu aang'ono omwe Makaniko sanawamvepo. Makaniko anachita kuwagwira bondo n'kulipinda yekha.

Kanati anali momwe anamusiyira, manja ali m'makutu, bokosi la buluu atalipana ndi mawondo. Anali atadzikodzera. Makaniko anamuitana, mwanayo osatembenuka, ndipo anaopa kuti phokoso lija lamugonthetsa makutu. Anagwada, n'kumuchotsa manja aja pang'onopang'ono, n'kupita kumbuyo kwake komwe sakanaona milomo, n'kunong'ona dzina lake.

"Ababa," anayankha Kanati, "Njati yakwiya chifukwa chiyani?"

Makaniko anamukumbatira mpaka mwanayo anadandaula kuti akumupweteka.

Apongozi anabwera akuyenda ngati munthu wochoka m'chipatala, n'kukhala pamwala. Anavula chipewa cha neti. Kiyi anali akadali m'manja mwawo, ndipo pamkono pomwe panagwa chibakera panali patayamba kutupa.

"Ndi zitsulo zija?"

"Ndi zomwezo. Zimathira dizilo mu oyilo. Kubereka kuja kunali kumeneko."

"Inu munkadziwa kuti zingatere?"

"Ndinkadziwa kuti zimatheka."

"Ine ndine woweta njuchi, akamwini. Za injini wodziwa ndinu. Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba, bambo."

"Munati koma. Ine koma ndimamumva kwa aliyense, tsiku lililonse. Munayenera kundikaniza. Mmene mwandimenyeramu."

Makaniko anayang'ana pansi. Bodza labwino linalipo lambiri, loti anaiwala, loti bokosi linamunamiza nayenso. Anali atatopa kwambiri moti sakanatha kulinyamula.

"Ndinakuopani."

Apongozi anayang'ana mdzukulu wawo, diresi lake lonyowa, kenako anatembenukira komwe kunali mphuno ya Njati ndi mlengalenga wopanda kanthu kutsogolo kwake. Analoza kumeneko ndi kiyi.

"Munaopa ine kuposa apo?"

Yankho linalipo, ndipo linali lakuti inde. Makaniko sanalinene, koma mkuluyo analimva.

"Ndiye kuti ndine chinthu choopsa ndithu," anatero apongozi motsitsa. Sankaseka, ndipo sankalankhula ndi mkamwini wawo.

Njinga yamoto palibe anaikwera. Makaniko sakanaikanso mwana wake pa chinthu chokhala ndi injini tsiku limenelo. Anamubereka kumsana n'kuyamba kutsika wapansi, manati akuchita wayawaya m'bokosi pafupi ndi khutu lake. Apongozi ankabwera pambuyo akukankha njingayo, osapempha kuti awalandire, ndipo aka kanali koyamba kuti ayende kumbuyo kwa munthu.

Atazungulira phiri, foni inayamba kulira m'thumba la ovolosi. Makaniko anaima. Anaona dzina la mkazi wake. Anadina batani, n'kukweza foniyo paphewa pake mpaka inakhudza tsaya la mwanayo.

"Amayi," anatero Kanati, "ababa aononga thabwa lanu."